Kalata yotseguka: ana akachemerera phungu wakuba wa m'sewero, musatseke kalabu ya zisudzo

Kwa akuluakulu oyang'anira maphunziro a sekondale, aphunzitsi aakulu a masekondale ndi ma CDSS a m'boma la Kasungu, komanso makomiti a makolo ndi aphunzitsi,

Zikomo akuluakulu. Amene talemba kalatayi ndife aphunzitsi oyang'anira makalabu a zisudzo, aja ana amangowatchula kuti mapatironi. Tabwera ndi nkhani imodzi: choyenera kuchita ophunzira akaonetsa maganizo awo pa atengambali a m'sewero la ndale, makamaka maganizowo akakhala osakoma m'makutu mwa akulu.

Kawirikawiri zimayenda chonchi. Loweruka masana holo yadzaza, ena akusuzumira pa mawindo. Sewero ndi la mlatho umene ndalama zake zinatuluka koma pamtsinje panangogonekedwa mitengo iwiri. Phungu wa m'seweromo salowera kumbali ngati anzake. Atulukira kukhomo lakumbuyo, suti yothina, pilo m'mimba, anyamata awiri akukankha anthu kuti bwana adutse, atsikana a zitenje akuimba pambuyo pake. Apisa m'thumba n'kumwaza timapepala todula ngati ndalama. Holo iphulika: malikhweru, nthungululu, kumenya madesiki, "Bwana! Bwana!" Ana a Fomu 1 alimbirana timapepalato pansi chikhalirecho akudziwa kuti tachokera m'kope lakale la masamu. Patapita mphindi zisanu atulukira kalaliki amene wakana kusayinira kuti mlathowo unatha. Asanamalize chiganizo chachiwiri, wina kumbuyo akuwa, "Khala pansi iwe, ufa wosauka!" ndipo holo yonse ifa nako kuseka. Mlendo wolemekezeka pampando wakutsogolo nkhope yagwa. Lolemba m'mawa patironi aitanidwa ku ofesi, mnyamata wokuwa uja apatsidwa khasu kuti akakumbe dzenje la zinyalala, kalabu n'kuuzidwa kuti teremu ino izichita masewero a ukhondo basi.

Tikudziwa kumene chigamulo chotere chimachokera, koma n'cholakwika. Phokoso lija lili ndi magwero angapo, ndipo khasu silichiza ngakhale limodzi.

Yambani ndi sewero lenilenilo. Tengani sikiriputi ndi pensulo, muwerenge kuti mtengambali aliyense walankhula kangati ndiponso motalika bwanji. M'masewero ambiri olembedwa ndi ana asukulu mupeza kuti munthu woipa amalankhula pafupipafupi, mawu afupiafupi, oluma, oseketsa, pamene wachilungamo amakhala duu theka la sewero kenako n'kupatsidwa ulaliki wodzaza tsamba. Gawo la phungu limapita kwa katswiri wa kalabu, mnyamata amene ngakhale kayendedwe kake kokha kamaseketsa. La kalaliki limagwera mwana wofatsa amene mawu ake safika pa benchi yachisanu. Phungu ali ndi nyimbo yolowera, chipewa, ndodo, ndi malo apakati kutsogolo kwa nsanja, pamene kalaliki waima pakona manja kumbuyo ngati akuyankha mlandu. Holo ikasankha phungu, yangotsata kumene ifeyo tinaika zokopa zonse. Vuto limeneli ndi lathu mapatironi, ndipo limakonzedwa pa mapulakatisi.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Wachilungamo apatsidwe chinthu choti ataye: mayi ake agonekedwa m'chipatala, mng'ono wake wabwezedwa fizi, envulopu ili patebulo. Aitole, aiyeze kulemera m'dzanja, akhale chete masekondi khumi, kenako aibweze. Holo imene inali kusokosera imati zii pa masekondi amenewo chifukwa aliyense akudzifunsa kuti akanakhala iye akanatani. Ulaliki uja udulidwe, pasakhale munthu wolankhula ziganizo zopyola zinayi mnzake asanamulowerere. Nayenso kalaliki apatsidwe nthabwala ziwiri zitatu. Kukana ziphuphu sikuletsa munthu kukhala ndi pakamwa pakuthwa.

Gwero lina ndi lakale kuposa sukulu. Tonse tinakulira nthano za Kalulu. Nyama zikukumba chitsime iye akana, kenako abwera ndi uchi, anyengerera mlonda, am'manga, n'kusamba m'madzi a anzake. Ana pamoto amaseka n'kumamuchemerera, ndipo sitinamvepo gogo atathamangitsa mdzukulu chifukwa chosekerera wakuba madzi. Gogo amadziwa kuti Kamba akubwera, ndiponso kuti nthano ikatha pamakhala kucheza. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, nayenso ali ndi zilombo zimene zimaonetsa pabwalo uchidakwa, dama ndi kudzikuza. Anthu amaimbira, amaseka, amafupa, koma palibe amene amachoka pabwalo n'kumati mudzi wavomereza uchidakwa.

Palinso kuseka kwa munthu amene wazindikira chinthu. Taganizani za mwana wokulira pa esiteti ya fodya, amene anaona bambo ake akubwera chimanjamanja bwana atagulitsa fodya ku msika wa Chinkhoma, ati ngongole ya chimanga ndi feteleza yadya zonse. Kapena amene anaona dzina la agogo ake likusowa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, kapena amene anavinapo pamsonkhano n'kulandira tisheti ndi ya sopo. Ameneyu akaona bwana wa pilo m'mimba akumwaza mapepala amakuwa chifukwa chinthu chimene kwawo amachinong'ona chanenedwa mokweza, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa aphunzitsi.

Gulu lomaliza sitikubisirani, ndipo ndi limene liyenera kutisowetsa tulo. Alipo ana amene mawu oti "ufa wosauka" amawakhulupirira ndi mtima wonse. Kwa iwo kalaliki ndi chitsiru, phungu ndiye wochenjera amene akufuna kudzakhala. Ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 ali ndi zaka 17, 18 kapena kupitirira, ndipo 18 ndi msinkhu woponya voti. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma ndi angati mwa iwo amene analimvapo? Mwana wotere mukamupatsa khasu waphunzira chinthu chimodzi, kutseka pakamwa akulu akakhala pafupi. Maganizo ake apita nawo ku hositelo ali amphumphu. Chovuta n'chakuti ana onsewa amakuwa mofanana. Muli pampando wakutsogolo simungadziwe kuti likhweru ili ndi la wokonda nthabwala, wozindikira za kwawo, kapena wosirira kuba. Muyenera kuwafunsa.

Mantha a aphunzitsi aakulu sitikuwapeputsa. Kuno ndale ndi zapakhomo. Kamuzu Banda kwawo ndi kuno, ndipo Aaron Gadama, mmodzi mwa andale anayi amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, analinso mwana wa boma lomwe lino. Akulu amene anagwira choko nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndi mmene sewero, ngakhale la ana opita ku mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa ATEM, linkayenera kuunikidwa lisanakwere pansanja. Olemba anaphunzira kubisa mawu m'nthano ndi m'mbiri yamakedzana. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinatsegula pakamwa pa anthu, ndipo gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wolankhula zakukhosi kwa munthu aliyense, osapatula wovala yunifomu. Koma chizolowezi chodzitsina wekha chinatsalira, ndipo mphunzitsi wamkulu amadziwa kuti foni imodzi yochokera kwa munthu wokwiya ikhoza kumuzunguza mutu sabata yathunthu. Chimene amasowa pa nthawi yotero ndi pepala loti aloze n'kunena kuti tinatsata izi. N'chifukwa chake tikupempha ndondomeko yolembedwa, ya masamba awiri okha, yofanana pa sukulu zonse. Zoyenera kukhalamo ndi izi.

Sikiriputi ifike kwa mphunzitsi wamkulu kapena wachiwiri wake kutatsala masabata atatu, ndipo yankho libwere pasanathe masiku asanu, lolembedwa patsamba lenileni pamene pali vuto. Sewero la mphindi 30 limafuna masabata asanu ndi limodzi okonzekera, kawiri kapena katatu pa sabata. Kudula chigawo Lachisanu madzulo sewero lili mawa ndiye kumabala ngozi imene mumaiopayo: ana amasokonezeka polowera, amadzaza mpatawo ndi zopeka pomwepo, ndipo m'zopeka pomwepo ndi mmene mumatulukira mayina a anthu enieni. Kutatsala masiku atatu, amene anasayinira sikiriputi aonerere pulakatisi ya zovala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa zambiri zokhumudwitsa sizikhala m'mawu olembedwa, zimakhala m'zovala ndi m'manja.

Woonayo ayang'ane zinthu zowerengeka. Mitundu ya zipani isakwere pansanja: buluu anthu amuwerenga DPP, chikasu UDF, olenji PP, ndipo zofiira zikhoza kuwerengedwa UTM kapena MCP malinga ndi chimene zaphatikizidwa nacho. Chimodzimodzi tambala, chimanga ndi manja ogwirana. Chipani cha m'sewero chikhale chopeka, cha mtundu wa khofi kapena wa phulusa, chizindikiro chake mtondo kaya nkhali. Ana amakonda kubwereka chitenje cha chipani kwa amayi awo n'kuchitembenuza, koma kuwala kukachimenya nkhope ya mtsogoleri imaonekabe, choncho chisaloledwe. Dzina la phungu, khansala kapena mfumu ya m'sewero lisafanane ndi la munthu wa m'dera, ngakhale kumveka kwake. Malo nawo akhale opeka. Mukati mlathowo uli pa Bua kapena pa Dwangwa, mukatchula Santhe, Chamama kapena Nkhamenya, aliyense awerengera yekha kuti phungu wa kumeneko ndani, ndipo sewero lasanduka mlandu wa munthu mmodzi. Kutsanzira kutsimphina, chibwibwi kapena kaseka ka munthu wodziwika kuletsedwe.

Chinanso chimene ambiri sachiona: boma lathu ndi la zilankhulo zingapo. Kumpoto, cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, ambiri amalankhula Chitumbuka, ndipo m'maesiteti muli mabanja ochokera kummwera. Wakuba wa m'sewero akapatsidwa kalankhulidwe ka mtundu umodzi, holo iseka ndithu, koma yaseka mtunduwo, ndipo ana a mtundu umenewo amva kuwawa kwake ku dayiningi.

Zikatha izi, woona sikiriputi aike pensulo pansi. Katangale, ziphuphu, mfumu yokondera, wapolisi wotambasula dzanja, mavoti ogulidwa ndi sopo, zonsezi zisiyidwe mmene zilili. Inde, ngakhale mphunzitsi wamkulu wa m'sewero amene wadya ndalama za chitukuko cha sukulu.

Tsiku la sewero, nthawi ndiyo imapha zambiri. Sewero la ndale lisaikidwe kumapeto kwa variety show disiko ikudikira, kapena belu la chakudya chamadzulo litatsala pang'ono kulira, chifukwa likangotha holo imakhuthukira panja. Liyambe 1:30 masana. Pa CDSS pali ana oyenda mtunda wautali, ndipo mu Juni ndi Julayi cha m'ma 5:30 kumakhala kutayamba kuda. Ikani ola lathunthu: mphindi 30 za sewero, mphindi 30 za zokambirana, osapumira pakati. Lisanayambe, woyendetsa mwambo anene malire m'mphindi imodzi. Kuseka, kukuwa, kuomba m'manja ndi kutsutsa n'kololedwa. Kuponya zinthu, kukwera pansanja osaitanidwa, kutchula dzina la munthu weniweni, kuimba nyimbo ya chipani ndi kunyoza thupi la wosewera ndi milandu, ndipo wopalamula alangidwe monga mwa malamulo a sukulu. Mlendo wolemekezeka auzidwiretu nkhani ya sewero ndi kuti ana akuwa. M'masiku 60 a kampeni ya chisankho, mlendo asakhale wandale aliyense, ndipo sewero lisatuluke kunja kwa mpanda wa sukulu.

Za mafoni tinenepo pang'ono. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo masiku ano mlomo umatsala m'foni ya munthu wina. Kavidiyo ka masekondi 20 koonetsa holo ikukuwa "Bwana!" kakafika pa WhatsApp kapena pa Facebook kopanda mutu ndi mchira, aliyense amakamata nkhani yake. Lamulo la 2016 la za pa intaneti lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba ndi zotumiza pa masamba amenewa, choncho si nkhani yoseweretsa. Sukulu ijambule yokha ola lonse ndi foni imodzi yoimikidwa kumbuyo kwa holo, batire yodzaza, malo osungira okwanira, kuyambira pa malamulo aja mpaka pa zokambirana. Vidiyo imeneyo isungidwe ku ofesi. Isaikidwe pa intaneti popanda chilolezo cha makolo, chifukwa wosakwana zaka 18 malamulo amamuwerenga kuti ndi mwana.

Tsopano mphindi 30 zimene ndiye mtima wa kalata ino. Sewero likatha osewera asachoke. Paikidwe mipando itatu pansanja, pakhale phungu, kalaliki ndi mmodzi mwa anthu wamba, kaya mayi amene amawoloka pamitengo ija kaya mnyamata wokankha anthu, onse akadali m'magawo awo. Woyendetsa zokambirana akhale mphunzitsi amene ana amamasuka naye, wa Chichewa kapena wa Social Studies. Asakhale mphunzitsi wamkulu kapena wa komiti ya disipulini, chifukwa iwo akangoimirira holo imayankha zimene akulu akufuna kumva.

Funso loyamba likhale lopepuka: "Wakusangalatsani kwambiri ndani?" Asiyeni akuwe dzina la phungu, woyendetsa asakwinye nkhope. Lachiwiri: "Wachita chiyani chimene chakukomerani?" Ayankha kuti ndi wopatsa, sachita manyazi, amadziwa kulankhula. Apa ndiye pofunsa kuti, "Ndalama anamwaza zija anazitenga kuti?" ndipo pambuyo pake, "Mvula ya Januwale ikadzaza mtsinje, adzawoloke pamitengo iwiri ija ndani?" Mafunso anayiwa atenge mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, m'dongosolo lomweli. Mukayamba ndi la mvula, ana amazindikira kuti ulaliki wayambanso ndipo amatseka makutu.

Mphindi khumi zotsatira holo ifunse atengambali. Apa wosewera phungu akhale atakonzekeretsedwa kuti asalape. Ana amene amasewera munthu woipa amafulumira kupepesa akaona aphunzitsi, ndipo akatero zokambirana zafa. Ayankhe monyada, monga mmene bwana wotero angayankhire: "Inu muja munatola, simunatole? Nanga ndikanamanga mlatho mukanadya mlatho?" Yankho lotere limabweza mlandu kwa oombera m'manja aja, ndipo limachokera pakamwa pa amene anali kumuchemerera. Palibe mphunzitsi amene angalinene n'kumveka chimodzimodzi.

Kenako bwerezani chigawo cha envulopu. Itanani wina wa m'holo akhale pampando wa kalaliki, ndipo woyamba kuitanidwa akhale mnyamata anakuwa uja, mwaulemu, osati momuchititsa manyazi. Akafuna kutenga envulopu atenge, koma chigawo chipitirire: mayi wowoloka pamitengo abwere kudzamufunsa za mwana wake, ofufuza abwere ndi pepala lokhala ndi siginecha yake. Wachiwiri ayese kukana m'njira ina, wachitatu ayese kuuza anthu ena. Atatu akwana, mphindi ziwiri aliyense, ndipo pakhale mtsikana. Phungu asagonje msanga kwa aliyense wa iwo, chifukwa kunjaku sagonja msanga. Njira yoimitsa sewero n'kulowetsa oonerera inatchuka ndi Augusto Boal wa ku Brazil, ndipo kuno kwathu a Travelling Theatre a ku Chancellor College ankachita zisudzo zokambirana ndi anthu m'midzi m'zaka za m'ma 1980. Si chinthu choyeserera pa ana anu.

Zimene zimaononga zokambirana tizitchule. Mphunzitsi amafunsa, n'kudikira masekondi atatu, n'kudziyankha yekha. Adikire khumi, wina alankhula. Mapulifekiti amayamba kulemba mayina a olankhula molimba mtima, ndipo zikangodziwika kamodzi, chaka chonse palibe adzakwezenso dzanja. Auzidwe poyera kuti makope awo akhale m'thumba. Anyamata a Fomu 4 amalanda bwalo ngati woyendetsa sasinthanitsa, choncho azitenga mtsikana, mnyamata, kutsogolo, kumbuyo, Fomu 1, Fomu 4. M'holo yopanda zokuzira mawu, woyendetsa abwereze mokweza funso lililonse lisanayankhidwe, apo ayi mabenchi akumbuyo ayamba nkhani zawo. Ndipo tikupemphani modzichepetsa, akuluakulu, kumapeto musaimirire kuti mumange mfundo kwa mphindi 20. Mawu othokoza a mphindi ziwiri akwana.

Ambiri salankhula pagulu, makamaka atsikana ndi a Fomu 1, ndiye mphindi zitatu zomaliza zikhale za pepala. Pepala la A4 lidulidwe panayi. Rimu imodzi ya mapepala 500 imatulutsa tizidutswa 2,000, tokwanira masewero angapo. Aliyense alembe, popanda dzina, mtengambali amene wamukonda ndi chifukwa chake, ndiponso chimene iye akanachita envulopu ili patebulo. Patironi ndi mphunzitsi wa Chichewa akhale pansi ola limodzi, asanje timapepalato m'milu. Mulu wa "amaseketsa" ndi uthenga kwa patironi kuti akonze sewero. Mulu wa "zimachitikadi kwathu" ukuuzani zimene ana akusenza kuchokera kunyumba. Mulu wa "ndikanatenga, aliyense amatenga" ndiwo ntchito ya aphunzitsi a Social Studies ndi Life Skills sabata yotsatira, ndipo kukula kwake mphunzitsi wamkulu ayenera kukudziwa kuposa dzina la amene anakuwa.

Izi sizikuba nthawi ya mayeso. Pa MSCE ana amafunsidwa kufotokoza khalidwe la mtengambali ndi kupereka umboni wochokera m'nkhani, ndipo ambiri amalephera chifukwa amangoloweza kuti uyu ndi wankhanza, uyu ndi wachifundo. Apatseni tsamba limodzi: fotokozani khalidwe la phungu kapena la kalaliki, ndi maumboni atatu a zimene ananena kapena kuchita. Malikisi apite pa umboni. Mwana amene waikira kumbuyo phungu ndi umboni womveka apatsidwe malikisi ake, kenako pepala lake, dzina litabisidwa, likhale mutu wa mtsutso m'kalasi.

Osewera nawo amafunika chitetezo, ndipo apa masukulu ambiri amagona. Zokambirana zikatha, pamaso pa holo yonse, aliyense avule chinthu chimodzi cha gawo lake, phungu atulutse pilo, mtsikana amasule duku, n'kunena dzina lake lenileni ndi kalasi yake. Zimatenga mphindi ziwiri. Zikapanda kuchitika gawo limam'mamatira mwana. Mnyamata wotchedwa "Olemekezeka" mpaka kumaliza Fomu 4 mwina sadandaula, koma mtsikana amene anasewera chibwenzi cha phungu amaitanidwa mayina otukwana pa mjigo, ndipo amene anasewera kazitape amakankhidwa pamzere wa nsima. Ndondomeko inene kuti kunyoza mwana chifukwa cha gawo limene anasewera ndi mlandu wa tizingi ngati wina uliwonse. Patironi asapereke gawo la mkazi wachiwerewere kapena la wakuba kwa mwana yemweyo kawiri motsatizana. Makolo a osewera alandire kakalata ka mizere isanu kofotokoza nkhani ya sewero lisanachitike, chifukwa kholo limene lili ndi udindo m'chipani ku dera likamva kwa anthu pamsika kuti mwana wanu akunyoza atsogoleri, mwanayo akakumana nazo kunyumba.

Dandaulo likabwera kuchokera kunja, layankhidwe ndi ofesi ya mphunzitsi wamkulu, osati patironi, ndipo mwana asaitanidwe kukaonana ndi wodandaulayo. Pakhale fayilo ya zinthu zitatu: sikiriputi yosayinidwa, vidiyo yathunthu, ndi chidule cha tsamba limodzi cha zimene ana analemba. Kalabu isaimitsidwe fayiloyo isanaonedwe ndi a ku ofesi ya maphunziro ya chigawo, ndipo iwo ayankhe pasanathe masiku 14. Zikapezeka kuti malire aja anadumphidwa, alangidwe amene anadumpha, kalabu ipitirize. Sewero likafuna kukaonetsedwa kunja kwa sukulu n'kulipiritsa pakhomo, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo sukulu iyambe yafunsa za chilolezo cha zisangalalo za pagulu.

Kwa a ku ofesi ya chigawo tili ndi pempho limodzi lofuna ndalama, ndipo si zambiri. Kuyendetsa zokambirana m'holo ya ana mazanamazana ndi luso limene ambiri mwa ife sitinaphunzire ku koleji. Tsiku limodzi pa chaka, pa kalasitala iliyonse, mapatironi ndi aphunzitsi a Chichewa akumane, kalabu imodzi ibweretse sewero, aliyense ayese kuyendetsa mphindi khumi anzake akumuona n'kumudzudzula. Zofunika ndi thiransipoti, nkhomaliro ndi holo.

Tikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wotsatira wa aphunzitsi aakulu. Muitanepo mapatironi awiri, mmodzi wa sukulu yogonera ndi wina wa CDSS, komanso ophunzira awiri: mmodzi amene anasewerapo munthu woipa, ndi wina wa kumabenchi akumbuyo amene amadziwika ndi kukuwa. Ife tidzabwera ndi masamba awiri aja olembedwa kale kuti mudzawasinthe mmene mungaonere.

Ndife anu pa ntchito,
Aphunzitsi ena oyang'anira makalabu a zisudzo m'masekondale a m'boma la Kasungu